Pepala la Mdzukulu Wanga Si Nyanga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, pamodzi ndi inu achibale amene muli kutali, lero ndikulemba mtima ukundiwawa.

Sabata yatha chithunzi cha pepala lina chinazungulira m'mafoni mwathu. Pepalalo ndi la mdzukulu wanga wa zaka 15, amene wabwera kudzacheza kuchokera ku Leeds. Wina analipeza m'chikwama chake, naona mawu akuti Wizard pamwamba ndi mndandanda wa Spells m'munsi, nalijambula, nalengeza kuti mwana walowa ufiti wachizungu. Dzuwa lisanalowe, ena anali ataitanitsa kale mapemphero osala kudya, ndipo mayi wina analetsa ana ake kudyera naye mbale imodzi. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamufunsa mwanayo.

Ine ndinamufunsa. Tinakhala pakhonde, ndinavala magalasi anga, ndipo anandiyendetsa m'pepalamo mzere ndi mzere.

Ndi fomu ya masewera otchedwa Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anawatulutsa ku America mu 1974. Anthu anayi kapena asanu amakhala mozungulira tebulo. Mmodzi amakamba nthano, enawo aliyense amakhala mtengambali wa m'nthanomo. Fomuyo imapezeka pa intaneti yopanda kanthu. Munthu amaisindikiza, kapena kuisintha pa kompyuta monga afunira, kenaka n'kuidzaza ndi pensulo. Muli dzina lopeka la mtengambaliyo ndi manambala asanu ndi limodzi oyeza zinthu monga mphamvu, changu ndi nzeru zake. Akakhala wamatsenga, pamawonjezeka tsamba lolembapo matsengawo, osanjidwa m'magawo kuyambira 1 kufika 9, ndi timabokosi tochonga. Wongoyamba kumene amakhala ndi timabokosi tiwiri tokha. Akatichonga tonse, ayenera kudikira kuti mtengambali wake agone m'nthanomo. Pofuna kudziwa ngati chinthu chatheka, amaponya dayisi ya mbali 20 n'kuphatikizapo nambala ya pafomu. Tsenga lina lotchuka, la moto, tanthauzo lake lonse ndi ili: ponyani madayisi 8 a mbali 6, muwonkhetse.

Ndinafunafuna mawu oti munthu anene poitana mizimu, sindinawapeze. Ndinafunafuna mizu, mphini, chizimba, sindinazipeze. Chimene ndinapeza ndi samu, ndipo ndivomereze kuti kaundula wa chopereka amene ndimasunga kumpingo ndi wosavuta kuposa pepala limenelo. Dayisiyo si ula; ndi mnzake wa dayisi ya ludo imene ana anu amaponya pakhonde inu mukuwaona.

Chaka ndi chaka pa Khrisimasi timasankha mnyamata, timamuveka nsalu yofiira ndi chisoti cha katoni, akhale Herode. Amalamula kuti makanda aphedwe, mpingo wonse n'kuwomba m'manja kuti wasewera bwino. Ndani anamutengerapo ku bwalo la akulu ampingo kuti ndi wakupha? Timadziwa tonse kusiyana kwa sewero ndi moyo. Nzeru imeneyo yatithawira kuti pamene taona Chingerezi papepala?

Mantha amenewa si ife tawayamba. Mu 1979 wophunzira wina wa ku Michigan State University, James Dallas Egbert III, anasowa, nyuzipepala n'kuloza chala masewerawa. Anapezeka wamoyo, ndipo kusowa kwake kunali ndi zifukwa zina. Mu 1983 mayi Patricia Pulling, mwana wawo atadzipha, anayambitsa gulu lolimbana ndi masewerawa, ndipo anasumira kampani ya TSR imene inkawagulitsa. Khoti linautaya mlanduwo. Chisoni cha mayiwo chinali chenicheni, koma umboni panalibe. Mu 1984 Jack Chick anafalitsa kabuku kazithunzi kotchedwa Dark Dungeons, kamene kanaopseza mipingo yambiri. Papita zaka zoposa 40, ndipo ife tikutola lero nkhani imene eni ake ambiri anaisiya kalekale.

Koma kuno kwathu mawu akuti mfiti sathera pa kabuku. Mu Januwale 2016 ku Neno, okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'dera lawo lomwe, mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inaphetsa anthu ku Mulanje ndi madera oyandikana nawo. Zonsezo zinayamba ndi pakamwa pa munthu amene sanafunse. Ndipo mudziwe kuti lamulo la dziko lino la 1911 lokhudza ufiti limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Safunsa anadya phula, koma pankhani iyi wodya phulayo amakhala wina, wosalakwa.

Mundiuza za Deuteronomo 18 ndi Machitidwe 19. Ndimawadziwa, ndipo ndawalalikira. Malembowo amatsutsa munthu wopita kwa obwebweta ndi oombeza akukhulupirira kuti apezako mphamvu. Anthu a ku Efeso anatentha mabuku a ndalama zasiliva 50,000 amene iwo eni ankachitira matsenga, atavomereza okha ndi pakamwa pawo. Panalibe wowajambula mobisa. Ndipo tisanamizane: pakati pathu alipo amene amaimba kwaya Lamulungu ali ndi chithumwa m'chiuno, amene bizinesi ikavuta amalowera kwa sing'anga usiku. Deuteronomo 18 akunena za amenewo. Za ife amene tinafalitsa chithunzi chija akunena ndi Eksodo 20:16, lamulo loletsa umboni wonama.

Sindikuti zonse za m'masewerawa zandikomera. Muli mtengambali wina wotchedwa warlock, amene m'nthanomo amapeza mphamvu pochita pangano, nthawi zina ndi chiwanda. Ndinamuuza mdzukulu wanga poyera kuti ameneyo sindimufuna m'nyumba mwanga, ngakhale mongosewera, ndipo anandimvera. Masewerawa amadyanso nthawi, maola atatu kapena anayi pa ulendo umodzi, ndipo kholo lili ndi ufulu wonse woika malire kapena kukana kumene. Kumeneko ndiko kulera. Kuletsa ana kudyera naye mbale imodzi ndi chinthu china.

Mwanayu akubwerera Lachinayi likudzali. Kuyambira tsiku lija sakutuluka m'chipinda, ndipo dzulo anandifunsa ngati akuloledwabe kulowa m'tchalitchi. Inu amene munatumiza chithunzicho, chifufuteni, ndipo mubwere mudzalankhule naye asananyamuke. Pepala lija lili ndi ine. Lamulungu tikaweruka mapemphero ndidzakhala nalo pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa vesitire, ndipo aliyense wofuna kuliwerenga ndi maso ake adzandipeza pomwepo.