Mukalemba waganyu, samalaninso thanzi lake

Mwezi wa Disembala ukafika, udzu ukayamba kupikisana ndi chimanga, ambiri a inu amayi anzanga mumasanduka mabwana. Amene muli ndi malipiro a pamwezi, kageni kapena ndalama ya banki m'khonde mumaitana anthu awiri atatu kuti adzakupalireni kapena kubandira. Palibe cholakwika pamenepo, chifukwa ganyu ndiye amadyetsa mabanja ambiri m'miyezi ya njala. Koma taonani bwino amene amafika ndi khasu pakhomo panu. Kawirikawiri amakhala mayi, ndipo nthawi zina ndi woyembekezera kapena ali ndi mwana kumbuyo. Ine ndikuti akangolowa m'munda mwanu, thanzi lake ndi la mwana wakeyo likukukhudzani inuyo. Walira mvula walira matope.

Tiyambe ndi malipiro. Pimani ndime kapena werengani mizere muli limodzi, ndipo gwirizanani mtengo khasu lisanakhudze nthaka. Akamaliza, mpatseni zake tsiku lomwelo. Mawu akuti "ubwere mawa" ndi opepuka kwa inu amene muli ndi ufa m'nyumba, koma kwa iye ndiye kuti ana agona ndi njala. Mayi wapakati wosadya mokwanira amachepa magazi, ndipo mwana wake akhoza kubadwa wosakwana makilogalamu 2.5. Kuchipatala timadziwa kuti mayi wochepa magazi akataya magazi pochira, ngakhale ochepa, moyo wake umakhala pachiswe. Nkhani yolipira waganyu dzuwa lisanalowe ilimo kale m'buku la Deuteronomo, mutu 24, ndipo Papa Leo XIII adaikumbutsanso nkhani ya malipiro oyenera m'kalata yake ya Rerum Novarum mu 1891. Ngati mukulipira chimanga kapena ufa, mbale yoyezera ikhale yomwe mudagwirizana. Gaga ndi zovala zakutha musamukakamize.

Chachiwiri, pali ntchito zina zosayenera kupatsa mayi woyembekezera kapena woyamwitsa. Chiyambire kuvuta kwa mbozi za ntchemberezandonda cha m'ma 2017, kupopera mankhwala kwachuluka m'minda yathu. Mankhwalawa amalowa m'thupi kudzera pakhungu ndi popuma, ndipo ena amatha kufika kwa mwana ali m'mimba kapena kulowa mumkaka wa m'mawere. Wopopera akhale wamkulu wosayembekezera, wovala malaya a manja aatali, magolovesi, nsapato ndi chotchinga pamphuno, ndipo asambe ndi sopo akamaliza. Botolo la mankhwala lisasanduke chomwera madzi. Kwa inu olima fodya, dziwani kuti tsamba laliwisi lonyowa ndi mame limalowetsa nikotini pakhungu. Wothyola amayamba chizungulire, mutu, nseru ndi kusanza, ena n'kumati ndi malungo. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 nalonso si katundu wa mayi wa pakati potopa.

Chachitatu ndi zinthu zosalira ndalama zambiri. Ikani chigubu cha madzi aukhondo m'munda. Muloleni apume pamthunzi dzuwa likafika paliwombo, ndipo woyamwitsa ayamwitse mwana akalira, osachita kupempha. Tsiku lake la sikelo likakwana, musamuuze kuti ndime yake mupatsa wina. Masiku ano timalangiza amayi kuonana ndi achipatala kasanu ndi katatu asanachire, ndipo kumeneko ndi komwe amalandira mankhwala oonjezera magazi, oteteza malungo ndi katemera wa kafumbata, amene aliyense wogwira khasu amafunika. Mukaona akutaya magazi, watupa nkhope ndi manja, mutu ukumuwawa kwambiri kapena akuona zinthu mwachimbuuzi, ntchito ithere pomwepo. Pezani njinga kapena galimoto, apite kuchipatala. Za mizere yotsala mudzakamba akachira.

Malamulo a dziko nawonso sadakhale chete. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14, komanso kupatsa wosafika zaka 18 ntchito yoika moyo wake kapena sukulu yake pangozi. Ngati muli ndi wantchito wamkazi wapamwezi, lamulo lomwelo limamupatsa tchuthi cha uchembere cha masabata asachepera asanu ndi atatu, akulandira malipiro ake onse, kamodzi pa zaka zitatu. Kumuchotsa ntchito chifukwa cha pakati ndi mlandu.

Ndikudziwa chimene ena a inu mukunena mumtima: "Nanenso ndine wosauka, feteleza wakwera, ndipo ndikapanda kumulemba ineyo agona ndi njala." Ndi zoona kuti ambiri mumalemba ganyu ndi ndalama yochita kukongola. N'chifukwa chake sindikunena kuti muleke kulemba amayi oyembekezera, poti kuwakana ndiye kuwaonjezera njala. Ndikuti mpatseni ntchito yopepuka monga kusankha mbewu, kuswa mtedza kapena kutonola chimanga atakhala pansi. Ngati ndalama yanu ikukwanira anthu awiri, itanani awiri muwalipire mokwanira, osati anayi oti mudzawazembe. Munthu amene wadya, wamwa madzi ndipo akudziwa kuti madzulo alandira zake amapalira bwino, sakwirira udzu, ndipo chaka chamawa amabweranso.

Pamsonkhano wanu wotsatira wa bungwe la amayi, ikani nkhaniyi pamndandanda. Gwirizanani mtengo wa ndime umene aliyense wa m'mphakati mwanu sadzatsika nawo, ndipo sankhani amayi awiri oti waganyu wosalipidwa azikadandaulako. Timapita kukazonda odwala titanyamula ufa ndi sopo, ndipo timachita bwino. Ena mwa odwalawo sakadagona m'chipatala tikadawasamala ali m'minda mwathu.