Kodi Chauta Adachimwanji?

Masiku ano m'magulu ena ophunzira Baibulo mwabuka chiphunzitso chakuti dzina loti Chauta ndi lachikunja, ndipo Mkhristu weniweni asalitchule. Agogo akagwada napemphera kwa Chauta Namalenga, adzukulu ongobwera kumene ku msonkhano wa chitsitsimutso amatsinana, ena mpaka kuwadzudzula kuti akuitana mizimu. Buku Loyera, limene lidatuluka m'chaka cha 1998 atalimasulira pamodzi Akatolika ndi a mipingo ina, nalonso amaliyang'ana ndi diso loipa chifukwa pamene Buku Lopatulika la 1922 lidalemba kuti Yehova, ilo lidalemba kuti Chauta. Safunsa adadya phula. Achinyamatawa akadafunsa kaye, bwenzi atadziwa kuti mlandu akuimba agogo awowo ulibe mutu.

Poyamba, dzina loti Mulungu, limene iwo amalitchula mosaopa, silidabwere pa sitima ya azungu. William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed ndi anzake, pomasulira Buku Lopatulika ku Mvera, adalipeza dzinali lili kale pakamwa pa anthu a kuno, pamodzi ndi Leza, Mphambe, Chisumphi ndi Chauta. Sadalitaye, adalitola n'kuliika m'Malembo. Ngati Chauta ndi wodetsedwa chifukwa makolo ankamutchula pothira nsembe yopempha mvula, ndiye kuti Mulungu nayenso ndi wodetsedwa pa mlandu womwewo. Ngakhale liwu la Chingerezi limene alaliki ena amalikuwa pa chimkuzamawu, makolo a Angerezi ankaitanira nalo milungu yawo asanamve za Khristu.

Chachiwiri, Baibulo lenilenilo ndilo lidayamba mchitidwewu. Pa Genesis 14, Melkizedeki, mfumu ya ku Salemu m'dziko la Kanani, adadalitsa Abramu m'dzina la El Elyon, kutanthauza Mulungu Wopambanazonse. Abramu sadanyansidwe nalo; polumbira adalilumikiza ndi dzina la Mulungu wake. Ayuda atamasulira Malembo awo m'Chigriki, ntchito imene idayamba zaka zoposa 200 Khristu asanabadwe, adagwiritsa ntchito Theos, liwu limene Agriki ankatchulira milungu yawo, ndipo atumwi adalemba nalo Chipangano Chatsopano chonse. M'Chipanganocho, pobwereza mawu a aneneri, pamalo pa dzina la Chihebri lija adalembapo Kyrios, ndiye kuti Ambuye. Paulo ku Atene, pa Machitidwe 17, adayamba ulaliki wake ndi guwa la eni mzinda, natchulanso mawu a alakatuli awo. Kodi Paulo naye adali wachikunja?

Ena amati Yehova ndilo dzina lenileni, choncho lisasinthidwe. Mtima wolemekeza dzinawo ndi wabwino, koma mbiri yake aidziwe. M'Chihebri dzinali lidalembedwa ndi zilembo zinayi, YHWH, ndipo Ayuda, poliopa, ankati akafika pamenepo amawerenga kuti Adonai. Katchulidwe koti Yehova kadabadwa pambuyo pake, anthu atasakaniza zilembo zinayizo ndi mavawelo a Adonai. Akatswiri ambiri amati katchulidwe kakale kadali Yahweh. Motero aliyense wowerenga Baibulo m'Chichewa akuwerenga zimene omasulira adasankha, kaya ndi a 1922, a Malembo Oyera a 1966, kapena a 1998.

Pali mfundo imodzi ya otsutsawa yoyenera kuimvetsera. Amati Chauta wa makolo ali ndi nthano zake, monga ya ku Kaphirintiwa, kumene amati adatsika ndi mvula pamodzi ndi anthu oyamba ndi nyama, kenaka n'kubwerera kumwamba anthu atabutsa moto. Zoonadi, Chauta wa m'nthanoyo adachoka, pamene Uthenga Wabwino ukuti Mulungu adabwera kudzakhala pakati pa anthu. Koma apa ndiye pagona ntchito ya kuphunzira Baibulo. Dzina lili ngati mtsuko: umatsukidwa, n'kuthiramo madzi atsopano. Amene ankadziwa kuti Chauta ndiye mwini mvula ndi utawaleza, akawerenga za pangano la Nowa pa Genesis 9 amazindikira kuti amene ankamufunafuna uja wadziulula. Akaphwanyiridwa mtsukowo, madziwo adzawatungira m'chiyani?

Izi sizikutanthauza kuti mwambo uliwonse ndi woyera. Kusasa fumbi ndi kulowa kufa zapweteka atsikana ndi amayi amasiye ambiri, ndipo Malembo ayenera kuzidzudzula poyera. Koma wopeta wanzeru amataya gaga n'kusunga mphale. Wokhuthula lichero lonse kudzala amagoneka ana ndi njala, ndipo njala yake yayamba kale kuoneka: mwana amene waphunzitsidwa kuti pemphero la agogo ake ndi lauchiwanda sachedwa kunyozanso malangizo awo, miyambi yawo ndi chilankhulo chawo.

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mdzukulu wofunadi kudziwa Malembo atenge Buku Lopatulika ndi Buku Loyera, atsegule Salimo 23 m'mabuku onse awiri, awawerengere agogo ake mokweza, kenaka awafunse kuti Chauta amamudziwa bwanji. Akatero, ndiye adzaweruze.