Voti si munda wa makolo

Ku America, munthu akangotuluka kokaponya voti, panja amakumana ndi wina atanyamula kapepala ka mafunso. Mwavotera ndani? Muli ndi zaka zingati? Sukulu munalekeza pati? Chakuwawani kwambiri n'chiyani? Dzina salemba ayi. Eni ake amati exit poll, ndipo anayiyamba ndi a wailesi yakanema ya CBS mu 1967, pa chisankho cha gavanala ku Kentucky.

Ambiri amathamangira kafukufuku ameneyu kuti adziwe msanga wopambana, koma pamenepo nthawi zina amaphonya. Mu 2004 zotsatira zoyambirira zinaonetsa ngati a John Kerry atenga boma, kenaka mavoti enieni anapereka mpando kwa a George W. Bush. Phindu lake lenileni umaliona ukaunjika mapepala a zisankho zingapo pamodzi, monga amachitira wa geni pounika kabuku ka chaka chonse, osati ndalama za tsiku limodzi.

Tiyeni tione anthu a mtundu wa Latino, ochokera ku Mexico ndi maiko ena a m'munsi mwa America. Chipani cha Democratic chinkawayesa ake ake. Mu 2012 anthu 71 mwa 100 alionse a mtunduwu anavotera a Barack Obama. Pofika 2020 a Joe Biden anapeza 65. Mu 2024 a Kamala Harris anangopitirira theka pang'ono, pomwe a Donald Trump, omwe aja ankafuna khoma pa malire a Mexico, anakolola pafupifupi 46. Boma la Starr ku Texas, komwe pafupifupi aliyense ndi Latino, linavotera wa Republican koyamba m'zaka zoposa 100.

China ndi nkhani ya sukulu, ndipo ineyo imandikhudza poti digiri ndinaisiyira panjira. Kale a Democratic ankadziwika kuti ndi chipani cha anthu a m'mafakitale. M'zaka za m'ma 1990 a Bill Clinton ankalimbana ndithu pa mavoti a azungu opanda digiri. Koma mu 2016, 2020 ndi 2024, awiri mwa atatu alionse a gulu limeneli anavotera a Trump, pomwe ophunzira akhala akusamukira ku Democratic. Kusinthaku sikunabwere usiku umodzi. Kunkaoneka m'mapepala aja chisankho ndi chisankho, koma atsogoleri ankati anthu athu sangatithawe.

Nanga anathawiranji? Yankho lina lili pa kapepala komweko. Mu 2024 ovota awiri mwa atatu alionse anati chuma cha dziko sichikuyenda bwino. Mitengo ya zakudya ndi lendi inali itakwera kwambiri chichokereni 2021. Munthu angathe kukonda chipani cha bambo ake, koma kugolosale amalipira yekha.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuno kwathu mu 1994 a Chakufwa Chihana anasesa kumpoto, a Kamuzu Banda pakati, a Bakili Muluzi kummwera, ndipo andale anayamba kuwerenga mavoti ngati ng'ombe za m'khola. Koma mu 2009 a Bingu wa Mutharika, a ku Thyolo, anapeza mavoti pafupifupi 66 mwa 100 alionse, ndi kumpoto komwe, nkhokwe zitadzaza chifukwa cha makuponi a feteleza. Mu 2020 a Lazarus Chakwera anapeza pafupifupi 59. Mu 2025, kwacha itagwetsedwa mu 2023 ndipo anthu atatopa kugona pa mizere ya mafuta, anatsala ndi 33 basi.

Sindikunena kuti chigawo chatha mphamvu. Ngakhale ku America anthu akuda oposa 80 mwa 100 alionse anavoterabe Democratic mu 2024. Mizu ilipo. Koma pamwamba pa mizuyo pali anthu amene amasuntha, ndipo lamulo la 50+1 litabwera mu 2020, ndi iwowo amene amapereka mpando.

Inu amene mumagulitsa kaunjika mu Limbe, ndi inu ophunzira oyembekeza ngongole ya fizi, muli m'gulu limeneli. Wandale akabwera ndi nsalu n'kumati ndife amodzi, kwathu n'kumodzi, mufunseni za mtengo wa thumba la feteleza ndi za ndalama zakunja zokapikulira katundu. Amene amadziwa kuti voti yanu ndi yake kale sadzakugwirirani ntchito. Amagwirira ntchito amene akuopa kuti angamuthawe.