Sing'anga wa m'thumba

Mwezi uno tikambirane nkhani imene ana athu anaiyamba kale ife makolo tisanaidziwe. Masiku ano mnyamata akasowa tulo, mtima utamlemera, sadzutsa mnzake wogona naye m'gowelo. Amafunda bulangeti mpaka kumutu, natsegula foni, nayamba kulembera makina zimene sanauzepo munthu aliyense. Pa foni pali mapulogalamu opangidwira ntchito imeneyi. Amafunsa munthu mmene wadzukira, amamphunzitsa kupuma mofatsa mantha akamgwira, amamthandiza kuzindikira kuti maganizo ena amene amamzunza ndi onama. Ena amayankha ngati munthu, chonsecho kuseri kwake kulibe munthu. Eni ake amati mwa njira iyi thandizo lidzafika kwa anthu amene sadzaonana ndi dokotala wa matenda a maganizo moyo wawo wonse.

Tisafulumire kuwaseka, pakuti kusowa kumene akunenako n'koona, ndipo ife a ku Moçambique tikukudziwa. Pofika chaka cha 2014, madokotala akuluakulu a matenda a maganizo m'dziko lonse lino sanali kukwana 20. Zipatala zapadera za matendawa, cha Infulene ku Maputo ndi cha ku Nampula, zili kutali kwambiri ndi munthu wa ku Angónia, Tsangano kapena Macanga. Chaka chomwecho lipoti la bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linaika dziko lathu pakati pa mayiko amene anthu amadzipha kwambiri. Zolemetsa mitima sizisowa pakati pathu. Makolo amene anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu m'nthawi ya nkhondo anabwerera itatha mu 1992, koma ambiri sanafotokozepo zimene maso awo anaona. Mu 2022 namondwe wa Ana anagwetsa mlatho wa pa Revúbuè, nakokolola nyumba ndi minda. Palinso ngongole ya feteleza, mtengo wa mbatata ukatsika, ndi mwana amene anapita ku Joni nasiya kutumiza uthenga.

Funso ndi lakuti, kodi foni ingalowe pamene dokotala palibe? Ine ndikuona kuti ingathe, koma osati mwa njira imene ogulitsa mapulogalamu amalonjeza.

Tiyambe ndi mapulogalamu amene munthu amangotsala nawo yekha. Ochuluka ali m'Chingerezi, ena m'Chipwitikizi. Mayi wa kumudzi sanena kuti ali ndi matenda a maganizo. Amati mutu ukundiwawa, mtima ukuthamanga, thupi lonse lafooka, ndikuganiza kwambiri. Womvetsa mawu otere ndi amene anakulira nawo. Kuwonjezera apo, m'dziko lino anthu ogwiritsa ntchito intaneti ndi pafupifupi mmodzi mwa asanu, ndipo mamega amagulidwa ndi ndalama yomwe ikanagula mchere ndi sopo. Ngakhale kumayiko olemera, kumene intaneti sivuta, anthu sakhalitsa nawo. Kafukufuku wa mu 2019 anaona mapulogalamu 93 a mtundu umenewu, napeza kuti patatha masiku 30, mwa anthu 100 amene anawaika m'foni, atatu okha ndi amene anali kuwatsegulabe. Izi n'zosadabwitsa. Matenda amenewa amayamba ndi kulanda munthu mphamvu yochitira ngakhale chinthu chaching'ono, ndiye amene akulephera kudzuka kukasamba sangakumbukire tsiku ndi tsiku kutsegula phunziro pa foni.

Pali chinthu china chimene ine monga mbusa chimandidetsa nkhawa koposa, ndicho chinsinsi. Munthu akabwera kudzaulula zakukhosi, zimathera m'chipinda momwemo. Ndilo lumbiro la ntchito yathu. Koma mu 2023 boma la America linalamula kampani ya BetterHelp, yopereka uphungu pa intaneti, kulipira madola 7.8 miliyoni chifukwa inapereka mbiri ya anthu ake kwa makampani onga Facebook ndi Snapchat kuti azitsatsira malonda. Ndipo pulogalamu ikhoza kutha ngati sitolo yatsekedwa. Woebot, imodzi mwa zotchuka zoyankha ngati munthu, inatsekedwa mu June 2025, ndipo amene anazolowera kucheza nayo usiku anatsala okha.

Tsopano tione kumene foni yagwira ntchito yooneka. Bungwe la WHO linakonza pulogalamu yotchedwa Step-by-Step, ya maphunziro asanu ofotokozedwa ngati nthano ya zithunzi, naiyesa ku Lebanon pakati pa nzika za dzikolo ndi othawa nkhondo a ku Syria. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2022 zinaonetsa kuti kuvutika maganizo kunachepa. Koma taonani mmene anaikonzera: sabata iliyonse munthu wophunzitsidwa, amene sanali dokotala, ankaimba foni kapena kulemba uthenga kwa mphindi 15, kufunsa wodwalayo mmene zikuyendera ndi kumlimbikitsa kuti asasiyire panjira. Phunziro linali m'foni, koma wogwira dzanja anali munthu.

Kuno kwathu njira imeneyi siyachilendo. Boma litaona kuti madokotala sadzakwanira, linayamba kuphunzitsa anthu otchedwa técnicos de psiquiatria, ndipo oyamba anatuluka mu 1996. Maphunziro awo ndi a zaka ziwiri ndi theka, ndipo amaloledwa kupima ndi kupereka mankhwala a khunyu, a misala ndi a kuvutika maganizo. Pofika 2014 anali atafika m'madistrito onse. Pambuyo pake, m'chigawo cha Nampula, Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi Columbia University ya ku New York anapita patsogolo. Anaika pulogalamu m'manja mwa anamwino ndi alangizi a zaumoyo a m'midzi, aja timawatchula kuti ma APE. Mlangizi amakhala pansi ndi munthu, nafunsa mafunso ochepa amene foni ikumuonetsa. Kuchokera pa mayankhowo foni imamsonyeza ngati munthuyo akufunika uphungu pomwepo, kapena atumizidwe kuchipatala, kapena ali pa ngozi yodzipha. Ikatero imamtsogolera pa zokambirana sabata ndi sabata. Apa foni siili m'dzanja la wodwala yekha usiku. Ili m'dzanja la mnansi amene amalankhula chinenero chake, amadziwa maliro amene anagwa pakhomopo, ndipo mawa adzadutsanso njira yomweyo.

Anzathu a ku Zimbabwe anafika pomwepa podzera njira ina. Dokotala Dixon Chibanda wa ku Harare amafotokoza kuti wodwala wake wina anadzipha chifukwa banja linasowa ndalama ya basi yobwerera kuchipatala. Mu 2006 anayamba kuphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare kukhala pa benchi panja pa chipatala ndi kumvetsera anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, kumene ife timati kuganiza kwambiri. Agogowo salalikira ndipo sadzudzula. Amathandiza munthu kutchula mavuto ake, kusankhapo limodzi, ndi kupeza yekha chimene angachite sabata imeneyo. Ntchitoyi inatchedwa Friendship Bench. Kafukufuku wa mu 2016 pa anthu 573 anapeza kuti patatha miyezi 6, mwa amene anakhala pa benchi, 14 pa 100 anali akuvutikabe, pamene mwa enawo anali 50 pa 100. Mliri wa COVID-19 utaletsa anthu kukumana, macheza ena anasamukira pa foni ndi pa WhatsApp, koma woyankha anali munthu ndithu.

Nkhani ya agogowa imandiganizitsa za amayi athu a Chigwirizano. Iwo ndiwo amayamba kudziwa khomo limene utsi sukufuka, ndi mtsikana amene wabereka koma sakufuna kuyang'ana khanda lake. Chimene chimasowa si chifundo ayi, koma kudziwa chofunsa ndi nthawi yoti atumize munthu kuchipatala. Zimenezi n'zophunzitsika, ndipo mabwalo a mipingo angachite bwino kuitana técnico wa m'distrito yawo kuti adzalankhule pa msonkhano wa amayi kapena wa achinyamata. Tiyeneranso kuweta lilime lathu. Mwana akauza makina zimene sanauze ife, kawirikawiri n'chifukwa chakuti anamvapo pa guwa kapena pa nsima kuti wovutika maganizo alibe chikhulupiriro, kapena analodzedwa. Komatu mneneri Eliya, atangochoka kumene pa chigonjetso cha pa Karimeli, anakhala pansi m'chipululu napempha imfa, ndipo choyamba chimene analandira chinali tulo, chakudya ndi madzi.

Kwa inu achinyamata amene muli nawo kale mapulogalamuwa, sindikunena kuti muwafufute. Ngati akukuthandizani kugona kapena kutonthola mtima, agwiritseni ntchito, koma musalembemo dzina lanu lonse kapena la munthu wina, ndipo pakhale munthu mmodzi wamoyo amene akudziwa zimene mukudutsamo.

Pali malire amene foni siyenera kudutsa. Munthu akanena kuti watopa ndi moyo, akayamba kugawa katundu wake, kapena akamatsanzika popanda ulendo, imeneyo si nkhani ya pulogalamu kapena yodikira Lamulungu. Mfunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikuika maganizowo mwa iye. Musamsiye yekha. Chotsani m'nyumba zingwe ndi mankhwala ophera tizilombo a ku dimba ndi a m'nkhokwe, pakuti pa dziko lonse pafupifupi mmodzi mwa anthu asanu odzipha amamwa mankhwala otere. Kenaka mperekezeni tsiku lomwelo kuchipatala chachikulu cha m'distrito, ndipo mukafika funsani woona za matenda a maganizo.