MUSAGULITSE MUNDA KUTI MWANA AGULE BATA

Abale athu a m'midzi, pali nkhani imene ifika m'makutu mwathu kawiri kawiri masiku ano, ndipo sitikhoza kukhala cete. Mwana amene agwira nchito ku Lilongwe abwera kumudzi, nasonkhanitsa amai ace ndi atsibweni ace pakhonde, nanena kuti waona nyumba yamalonda kumalo a zii, kopanda phokoso la msika kapena la mowa, pafupi ndi nkhalango yaikuru. Cimene camsowa ndico ndarama zoyambira, ndipo apempha kuti mbumba igulitse munda wa makolo pamodzi ndi dimba. Ife tinena poyera, musalole.

Sitikana kuti malowo ngokoma. Lilongwe anakhala likuru la dziko m'malo mwa Zomba m'caka ca 1975, ndipo amene anayala mzindawo anasiya dala nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pakati pa tauni yakale ndi City Centre, kuti nkhwangwa isalowemo. Ndiyo Lilongwe Nature Sanctuary, momwe muli mbawala, apusi, ng'ona ndi mbalame za mitundu mitundu. Si patali ndi pamenepo pali Area 10, Area 11 ndi Area 12, kumene nyumba iri yonse iri ndi bwalo lace lalikuru ndi mitengo yamthunzi. Munthu wotopa ndi pfumbi la ku Kawale akaona zimenezi mtima umdyoka, ndipo sitimdabwa. Koma akuru anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyeni tiung'ambe mkuyuwo tione.

Coyamba, mtengo wa nyumba yotere sutha tsiku logula. Malo ambiri a mumzinda ndi a boma, ndipo wogula angowabwereka kwa zaka 99, nalipira msonkho wa nthaka caka ndi caka. Khonsolo ya mzinda ifunanso msonkho wace. Madzi ndi magetsi alipiridwa mwezi ndi mwezi. Mlonda wa usiku nayenso ayembekeza zace. Ndarama za munda sizidzakwana, ndipo zotsalazo adzakongola ku banki. Kumbukirani kuti mu November 2023 Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100, ndipo mu February 2024 Reserve Bank inakweza ciwongola dzanja cace kufika 26 pa 100, pamene mabanki okongoza anthu anali kufuna zoposa apo. Ndiko kuti pa K100 iri yonse munthu anali kuonjezapo zoposa K26 pa caka, ngongole yeniyeni iri cikhalire. Nanga nchito ikatha? Banki igulitsa nyumba. Ndipo mwana uja pobwerera kumudzi apeza mlendo alikupalira m'munda wa agogo ace.

Caciwiri, nkhalango imene yamkopayo si yace. Agula nyumba, koma mitengo ya patsidya pa mseu sanaigule, ndipo alibe mau pa iyo. M'caka ca 2021, pamene anayamba kukuza mseu wa Kenyatta, umene upita m'mbali mwa nkhalango yomweyo, mitengo yambiri inagwetsedwa, anthu akudandaula. Kodi ndi nzeru kutaya mango amene anaoka agogo, amene zipatso zace tidya ndife, cifukwa ca mthunzi umene mwini wace ndi wina?

Cacitatu, ndipo ici ndico cacikuru, munda ndi wa ambiri, koma nyumba ilembedwa m'dzina la mmodzi. Munda wa mbumba udyetsa amai, alongo, ana a alongo, ndi ena amene sanabadwe. Tsono mwini nyumba akamwalira, lamulo la cuma ca masiye la 2011 liyang'ana poyamba mkazi wace, ana ace ndi amene iye anali kuwasunga; ndipo pamenepo lamulo licita bwino. Koma alongo ace amene anataya munda adzaima kunja kwa cipata opanda cogwira. Udani umene ubadwa pa maliro otere sutha ndi mbadwo umodzi.

Ndipo bata limene alifunalo nlotani? Nyumba iri yonse iri m'linga la njerwa lalitali, ndi waya pamwamba pace; munthu akhala zaka osadziwa dzina la mnansi wace. Mai wokalamba amene anamlonjeza kuti akapumula kumeneko akhala yekha tsiku lonse, wopanda wopala naye moto, wopanda wosinja naye. Womlankhula ndiye wanchito amene acokera ku Kauma m'mawa, nabwerera madzulo. Posacedwa ayamba kupempha ndarama za basi. Koma abwerera kuti, popeza munda unapita?

Wina adzati, Kodi mufuna kuti ana athu akalambire m'nyumba za lendi? Iai, sititero. Kugula nyumba mumzinda si cimo, ndipo tikondwera pamene mwana wa m'mudzi mwathu apeza pokhala pace. Koma agule ndi thukuta lace. Ayambe ndi puloti imene akhoza kuilipira, ngakhale iri kutali ndi mitengo yokongola. Apite yekha ku ofesi ya za malo akaone ngati wogulitsayo ndiye mwini wace weniweni. Amange pang'ono pang'ono monga amangira anzace. Ndipo inu a mbumba, lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yakuti mulembetse munda wanu. Funsani kwa amfumu za njirayo, kuti pasakhale mmodzi wougulitsa m'tseri.

Cifukwa cace atsibweni, inu amene musunga mbumba, limbani mtima pa tsiku lija la pakhonde. Mumlandire mwanayo bwino, mumphere nkhuku, mumve mau ace onse. Koma akachula za munda, mumtengere kumundako, mumsonyeze malire, ndi kumwerengera maina a onse amene adya m'menemo.