GALIMOTO YA ANTHU IKHALE YA ANTHU NDITHU

Pa 5 March 2025, mumzinda wa Düsseldorf ku Germany, kampani ya Volkswagen idaonetsa kagalimoto koyendera magetsi kotchedwa ID. Every1. Kagalimotoka sikadali kogulitsa, kadali kachitsanzo chabe, koonetsa anthu m'mene galimoto yeniyeniyo idzakhalire ikadzayamba kutuluka m'fakitale ya ku Palmela, m'dziko la Portugal, m'chaka cha 2027. Akuluakulu a kampaniyo adalonjeza kuti idzatalika mamita 3.88, idzanyamula anthu anayi, idzayenda makilomita osachepera 250 batire likadzaza, ndipo idzathamanga kufika makilomita 130 pa ola. Koma lonjezo loposa onse lidali la mtengo: pafupifupi ma euro 20,000, kuti munthu wamba wogwira ntchito ku Ulaya athe kuigula.

Lonjezo limeneli nlabwino, ndipo palibe munthu woganiza bwino amene angalinyoze. Komatu makolo adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Galimoto yachitsanzo imapangidwa kuti ikongole pamaso pa atolankhani, pansi pa nyali zowala, pamalo popanda fumbi, popanda matope ndi popanda mwana wolira kumpando wakumbuyo. Galimoto yeniyeni imayesedwa ndi dzanja la dalaivala usiku kukugwa mvula, ndiponso ndi sipanala ya makaniko patapita zaka khumi. Nchifukwa chake nthawi yonena zofunika ndi ino, pamene mainjiniya akadali ndi mpata wokonza.

Kampani imeneyi ili ndi ngongole yaikulu kwa anthu chifukwa cha dzina lake lomwe. Mawu akuti Volkswagen m'Chijeremani atanthauza galimoto ya anthu. Dzinali lidabadwa m'nyengo yoipa ya Hitler, koma nkhondo itatha galimoto yake yoyamba, Beetle, yonga chikumbu ija, idakondedwa dziko lonse lapansi mpaka adapanga magalimoto opitirira 21 miliyoni asanaisiye m'chaka cha 2003 ku Puebla, ku Mexico. Ina idamangidwa ku Uitenhage, ku South Africa, kuyambira 1951 mpaka 1979. Nanga anthu adaikonderanji? Sidali yaliwiro, sidalinso yaulemerero. Injini yake inkazizira ndi mphepo, yosafuna madzi, ndipo makaniko wapansi pa mtengo ankaikonza ndi zida zokwana m'kathumba. Mwini wake ankaidziwa monga m'mene mlimi adziwira khasu lake.

Tsono nzomvetsa chisoni kuti kampani yomweyo ndiyo idasokera pamene idayamba kupanga magalimoto amagetsi ambirimbiri. M'galimoto ya ID.3, imene idafika kwa ogula m'chaka cha 2020, anzeru a kampaniyo adachotsa mabatani ambiri naika ntchito zake pa sikirini, galasi lowala lija lokhudza ndi chala. Kuti munthu akweze wailesi kapena achepetse kutentha, ankayenera kutsetsereza chala pa kamzere kosalala, ndipo kamzereko sikankawala usiku, kotero kuti dalaivala ankafufuza mumdima ngati munthu wofuna machesi m'nyumba ya eni. Pachitseko cha dalaivala adaikapo mabatani awiri okha otsitsira magalasi anayi, kuti wofuna kutsitsa akumbuyo ayambe wakhudza kaye pena. Kodi chimenechi nchitukuko? Ichi nchibwana chovala suti.

Alipo ena amene amati kudandaula za mabatani ndi nkhani ya nkhalamba zoopa zatsopano, ndipo achinyamata adazolowera kale kukhudza magalasi a mafoni awo. Anthu oterewa aiwala chinthu chimodzi chapoyera: foni siithamanga pamsewu, ndipo siigunda mwana wa sukulu. M'chaka cha 2022 magazini ya ku Sweden yotchedwa Vi Bilägare idayesa nkhaniyi. Madalaivala adapatsidwa ntchito zinayi zazing'ono, monga kusintha wailesi ndi kukweza kutentha, galimoto ikuyenda makilomita 110 pa ola. M'galimoto yakale ya Volvo V70 ya m'chaka cha 2005, yokhala ndi mabatani enieni, ntchitozo zidatha m'masekondi 10, galimoto itayenda mamita 306. M'galimoto yamagetsi ya MG Marvel R zidatenga masekondi pafupifupi 45, ndipo galimoto idayenda mamita oposa 1,300. Umenewu ndi mtunda wa mabwalo a mpira oposa khumi ndi awiri ataikidwa mondondozana, dalaivala maso ali uku ndi uku pakati pa msewu ndi galasi. Batani lenileni dzanja limalipeza lokha, ndipo limamva kuti ladinika. Sikirini imafuna diso, pamene diso la woyendetsa lili ndi ntchito imodzi yokha.

Bungwe la Euro NCAP, limene limayesa chitetezo cha magalimoto ku Ulaya nkuwapatsa nyenyezi, lidazindikira zomwezo. Kuyambira m'chaka cha 2026 limachotsa malikisi pa galimoto imene ilibe mabatani kapena timitengo tenitenti toyatsira maindiketa, mahazadi, mawaipa, hutala ndi poitanira chithandizo pangozi. Naye mkulu woyang'anira maonekedwe a magalimoto a Volkswagen, a Andreas Mindt, adavomera m'mwezi wa March 2025 kuti mabatani adzabwerera, a wailesi, a kutentha, a mphepo ndi a mahazadi, ndi kuti pachiwongolero padzakhalanso mabatani odinika. Mawu amenewa ngoyenera kuwayamikira. Koma ngoyeneranso kuwasunga bwino, kuti tsiku limene owerengera ndalama a kampaniyo adzanene kuti sikirini imodzi njotchipa kuposa mabatani khumi, anthu adzawakumbutse. Pakuti chinsinsi chake nchimenecho: sikirini idafala chifukwa imapulumutsa ndalama za wopanga, ngakhale ogulitsa amaitcha zamakono.

Nkhani yachiwiri njoopsa koposa, ndiyo ya zitseko. Okonza magalimoto amagetsi ambiri adatengeka ndi mahandulo obisika, olowa m'thupi la chitseko, amene amatuluka kapena kutsegula ndi mphamvu ya magetsi. Amati mahandulo otere amachepetsa kukankhana ndi mphepo, batire nkumakhalitsa. Phindu lakelo nlochepa zedi, koma mtengo wake walipiridwa ndi mantha ndi misozi. M'mwezi wa September 2025 bungwe la boma la America loona za chitetezo cha pamsewu, NHTSA, lidayamba kufufuza magalimoto pafupifupi 174,000 a Tesla Model Y, makolo atadandaula kuti zitseko zidakana kutseguka kunja ana ali mkati, mpaka ena adaswa magalasi kuti awatulutse. M'mwezi wa October chaka chomwecho, mumzinda wa Chengdu ku China, galimoto ya Xiaomi SU7 idachita ngozi nkuyaka moto, ndipo zithunzi zidaonetsa anthu odutsa akulimbana ndi zitseko osatha kuzitsegula. Dalaivala adafera momwemo. Kumayambiriro kwa 2026 boma la China lidalengeza lamulo lakuti kuyambira pa 1 January 2027 magalimoto atsopano akhale ndi mahandulo otsegula ndi mphamvu ya dzanja, mkati ndi kunja komwe.

Kodi zidafunikira kuti boma lichite kulamula chinthu chimene mmisiri aliyense wopala matabwa amachidziwa? Chitseko chimene sichitseguka magetsi akathima nchitseko cha ndende. Volkswagen isadikire kuti lamulo liigwire pakhosi. Galimoto ya 2027 ikhale ndi handulo yoonekera, yoti mlendo wodutsa, wosadziwa mtundu wa galimotoyo, aigwire ndi dzanja lonjenjemera nkukoka, chitseko nkutseguka.

Chachitatu ndi mtengo. Pano owerenga akumbukire zimene idachita kampani ya Tesla. M'mwezi wa November 2019 idaonetsa galimoto yachitsanzo ya Cybertruck, nilonjeza kuti yotchipa idzagulidwa madola 39,900. Pamene magalimoto oyamba adaperekedwa kwa eni ake m'mwezi wa November 2023, mtengo wotsika umene adalengeza udali madola 60,990. Anthu amene adapereka ndalama zachikole podalira mtengo woyamba uja adaphunzira kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Volkswagen nayo siingapemphe kuti anthu aikhulupirire ndi maso otseka, popeza m'chaka cha 2015 idagwidwa itaika mapulogalamu achinyengo m'magalimoto a dizilo pafupifupi 11 miliyoni, kuti utsi uzioneka wochepa panthawi yoyesedwa. Amene adagwidwapo ndi nkhuku m'thumba sayenera kukwiya anthu akamayang'ana thumba lake.

Ndipo mtengowo ukhale mtengo wathunthu. Pali mchitidwe wina wonyansa umene wayamba, wogulitsa galimoto koma nkutsekera zina za mphamvu zake mpaka mwiniwake azilipira mwezi ndi mwezi. M'chaka cha 2025 ku Britain, Volkswagen yomweyi idauza ogula ID.3 kuti wofuna mphamvu yonse ya injini azilipira mapaundi 16.50 pamwezi, chonsecho mphamvuyo ili kale m'galimoto imene adagula. Kampani ya BMW idayesapo kulipiritsa anthu mwezi ndi mwezi kuti mipando izifunda, ndipo idasiya m'chaka cha 2023 anthu atakana. Kodi munthu angagule nyumba, nkumalipiranso lendi kuti alowe kuchipinda chake? Galimoto yodzitcha ya aliyense isakhale ndi msampha wotere.

Chachinayi ndi moyo wa galimotoyo ikadzakalamba, ndipo apa nkhaniyi ikhudza anthu a kuno. Kampaniyo yanena kuti galimotoyi njochokera ku Ulaya, yopangira anthu a ku Ulaya. Zoona zake nzakuti galimoto siifera kumene idabadwira. Lipoti la bungwe la United Nations loona za chilengedwe, UNEP, la m'chaka cha 2020, lidapeza kuti pakati pa 2015 ndi 2018 maiko a ku Ulaya, America ndi Japan adatumiza kunja magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito okwana 14 miliyoni, ndipo 40 mwa 100 alionse adabwera ku Africa. Amalawi akudziwa bwino njira imeneyi, pakuti magalimoto ambiri a m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu adatsika m'sitima ku Dar es Salaam, ku Durban kapena ku Beira atatumikira kale eni ake ena ku Japan kapena ku Britain. Zimene injiniya wa ku Wolfsburg alemba papepala lero, mawa zidzakhala pamaso pa makaniko wa ku Ndirande kapena ku Biwi.

Choncho batire, limene ndi chiwalo chodula kuposa zonse m'galimoto yamagetsi, lipangidwe loti nkukonzedwa. Chigawo chimodzi chikafa, mmisiri athe kuchichotsa nkuikapo china, osati kutaya batire lonse ngati dengu lobooka. Likhalenso ndi njira yoziziritsira yokwanira. Phunziro lake lilipo kale: Nissan Leaf, imene idatuluka m'chaka cha 2010, idalibe madzi oziziritsa batire, ndipo pofika 2012 eni ake m'dera lotentha la Arizona ku America adali akudandaula kuti mabatire akufooka msanga. Kutentha kwa ku Nsanje ndi Chikwawa m'mwezi wa October sikudzachitira chifundo batire lopangidwa moganizira chisanu cha ku Hamburg chokha. Lamulo la European Union la m'chaka cha 2023 lati kuyambira February 2027 batire lililonse la galimoto yamagetsi likhale ndi chiphaso chosonyeza mbiri yake. Chiphasocho chikhale chowerengeka kwa wogula wachitatu ndi wachinayi yemwe, kuti asagule mphaka m'thumba la ufa poyesa ndi kalulu. Zida zopimira matenda a galimotoyo nazo zisatsekeredwe m'magalaja a kampani okha.

Pomaliza pali tayala la sipeya ndi jeke, zimene okonza magalimoto amagetsi ambiri adazichotsa naika kabotolo ka mankhwala omatira. Kabotoloko kamathandiza msomali ukabaya, koma tayala likang'ambika m'mbali pa dzenje, dalaivala amangokhala pamphepete pa msewu kudikira thandizo. Zoterezi zimachitika ku Portugal ndi ku Poland monga zichitikira kwina kulikonse. M'buti ya malita 305 imene alonjeza, apezemo malo a tayala.

Ena adzati zonsezi zidzakweza mtengo, ndipo galimoto ya ma euro 20,000 siingakhale ndi chilichonse. Inde, siingakhale ndi chilichonse, ndipo nchifukwa chake kusankha kuli kofunika. Achepetse kukula kwa sikirini, asiye nyali zamitundumitundu zokongoletsa mkati, aleke timasewera ta pakompyuta timene dalaivala sadzatigwiritsa ntchito. Ndalama zimenezo aziike pa batani, pa handulo, pa batire lolimba ndi pa tayala. Akachita ulesi, ogula sadzasowa kolowera: Renault ili ndi Twingo yamagetsi, Dacia ili ndi Spring, ndipo makampani a ku China monga BYD ndi Leapmotor alowa kale mumsika wa ku Ulaya ndi magalimoto ang'onoang'ono otsika mtengo.

Volkswagen idasankha yokha dzina lakuti Every1, kutanthauza aliyense. Aliyenseyo ndi gogo wa maso ofooka wofuna kuyatsa mawaipa, ndi mayi wofuna kutulutsa mwana wake msanga, ndi namwino wolandira malipiro ochepa, ndiponso makaniko wa dziko lakutali amene adzaitsegule patapita zaka khumi ndi zisanu. M'chaka cha 2027 anthu amenewa ndiwo adzaweruze mlanduwu, ndipo sadzaweruza ndi zithunzi za ku Düsseldorf. Adzagwira handulo, adzadina batani, adzafunsa mtengo. Mainjiniya a ku Wolfsburg amve tsopano, nthawi ikadalipo.