Mphamvu ku anthu, nanga thumba la ndalama?

Mu 1998 dziko la Malawi lidakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu, ndipo boma lidalonjeza kupatsa makhonsolo ndalama zosachepera K5 pa K100 iliyonse yomwe limatolera. Koma makhansala osankhidwa mu 2000 atamaliza nthawi yawo mu 2005, mipando yawo idakhala yopanda anthu mpaka 2014. Mu 2010 lamulo lidasinthidwa kuti nduna ndiyo izisankha bwanamkubwa.

Khonsolo yolandira ndalama ndi bwana kuchokera ku Lilongwe imamvera Lilongwe. Koma pa ndalama zomwe imatolera yokha pali ya chiphaso cha pamsika, imene inu alimi mumalipira pogulitsa tomato. Pamenepo muli ndi mawu. Mufunseni khansala wanu kuti ndalamayo yagwira ntchito yanji chaka chino.